Masiku asanu ndi limodzi ku Ligawasan, khonsolo yatsopano ya m'dambo la Mindanao

Lolemba, Cotabato City

Ndege ya ku Manila imatera ku Awang, kunja kwa mzinda, ndipo polowa m'tauni umaoloka mtsinje wa Tamontaka. Ndafika madzulo thupi lili lefu. Kutentha kwa kuno n'kwachinyontho, konga kwa ku Nsanje mvula ikamakonzeka kugwa: ukasamba, usanamalize kuvala malaya thukuta layambiranso.

Ndikupita ku Ligawasan, khonsolo ya kumudzi ya pa chilumba cha Mindanao, kummwera kwa dziko la Philippines, imene inabadwa pa 13 Epulo 2024. Ili ndi midzi ikuluikulu isanu ndi iwiri, imene kuno amati barangay: Bagoinged, Barungis, Buliok, Bulol, Gli-gli, Kabasalan ndi Rajamuda. Kale yonseyi inali m'manja mwa khonsolo ya Pikit, m'chigawo cha Cotabato. Eni ake pafupifupi onse ndi Asilamu a mtundu wa Maguindanaon, alimi a mpunga ndi chimanga, ena asodzi. Dzina analitenga ku dambo lalikulu limene midziyi yagona m'mphepete mwake, moti ukangoti "Ligawasan" munthu amayamba waganiza za madzi, za boma pambuyo.

Kuti mumve za mawa, gwirani kaye izi. Boma la Philippines ndi gulu lankhondo la Asilamu la Moro Islamic Liberation Front, MILF, anasainirana mgwirizano wamtendere pa 27 Malichi 2014. Mu Julayi 2018 panatuluka lamulo lokhazikitsa dera lodzilamulira la Bangsamoro, ndipo pa 6 Febuluwale 2019 midzi 63 ya m'chigawo cha Cotabato inavota kuti ilowe m'deralo: 22 ya ku Pikit, 13 ya ku Midsayap, 12 ya ku Pigcawayan, 7 ya ku Carmen, 7 ya ku Kabacan ndi iwiri ya ku Aleosan. Makhonsolo awo sanalowe nawo. Midziyo inangotsala m'malere, anthu oposa 200,000 opanda meya wawowawo, pansi pa dzina lozizira loti Special Geographic Area. Pa chisankho cha 2022 sanaloledwe n'komwe kuvotera meya wa Pikit kapena bwanamkubwa wa Cotabato. Mu Ogasiti 2023 Nyumba ya Malamulo ya Bangsamoro, imene imakumana mu mzinda uno, inavomereza malamulo asanu ndi atatu, nambala 41 mpaka 48, ogawa midziyo m'makhonsolo asanu ndi atatu. Ligawasan ndiye nambala 48.

Zofunika kuchita musanatuluke mu mzinda n'zochepa koma musaziphonye. Tapani ndalama konkuno, ndipo muzisinthe zikhale za mapeso 20, 50 ndi 100, chifukwa wa njinga yamoto kumudzi alibe chenji cha 1,000. Valani zobisa mawondo ndi mapewa, amayi atenge mpango wa kumutu. Werenganinso pepala la inshulansi yanu: maboma ena, monga la Britain, amachenjeza nzika zawo kuti zisafike pakati ndi kumadzulo kwa Mindanao, ndipo inshulansi zambiri sizilipira ngozi yochitikira m'dera lotere. Chachikulu pa zonse, musapite nokha. Pafunika munthu wa komweko amene wauza kale kapitan wa mudzi kuti kukubwera mlendo.

Lachiwiri, msewu wa ku Pikit

Maminibasi oyera opita cha ku Kabacan ndi Davao amanyamuka akadzaza, osati nthawi ikakwana. Ndinadikira pafupifupi ola m'galimoto yosazizira, kenako tinalowa mu msewu waukulu: Sultan Kudarat, Pigcawayan, Libungan, Midsayap, Aleosan, Pikit. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 70, msewu wa konkire, koma musawerengere ola limodzi. Marodibuloko ndi ambiri. Amaika zitsulo mopingasa kuti galimoto izikhota ngati njoka, dalaivala amatsitsa galasi, msilikali amasuzumira. Chiphaso chikhale m'thumba la malaya, osati pansi pa chikwama, ndipo foni musaloze nayo asilikali. Pa rodibuloko yoyamba mtima unandigunda. Pofika yachinayi ndinali nditazolowera, poona kuti mayi amene ndinakhala naye pafupi sanasiye n'komwe kusenda mtedza wake.

Mayi yemweyo ndiye anandigulira chakudya pamene tinaima ku Midsayap, ndipo anakana kuti ndimubwezere. Chinali pastil. Amatenga tsamba la nthochi n'kuliwamba pamoto kuti lifewe, lisang'ambike. Amaikapo mpunga wotentha wokwana chikho chimodzi, pamwamba pake nyama ya nkhuku yonyenyanyenya yokazinga ndi anyezi, adyo ndi soya sosi, imene amati kagikit. Akatero amakulunga ngati mtolo wautali n'kupinda nsonga zonse ziwiri. Mtengo unali mapeso 15 kapena 20, dzira lophika linali lapadera. Ndi chakudya cha halali chimene mwana wasukulu, msilikali ndi mlimi onse amadya. Mukagula m'mawa idyani isanakwane masana, chifukwa mpunga wokulungidwa ukutentha suchedwa kusasa.

Mukamadutsa msewu umenewu simungaone malire a Bangsamoro ndi maso. Mudzi uwu uli mkati, wotsatira uli kunja, winawo uli mkati, malinga ndi mmene aliwonse anavotera mu 2019. Tauni ya Pikit yeniyeni, pamene pali msika, sinalowe. Koma phiri limene lili ndi linga lakale la Aspanya la 1893, pafupi ndi tauni pomwepo, lili m'khonsolo yatsopano ya Malidegao. Sindinakwereko, miyendo inakana. Midzi 22 ya Pikit inagawika patatu: Malidegao, Tugunan ndi Ligawasan. Komabe aliyense wa m'midziyi akafuna feteleza, mankhwala, simenti kapena kutumiza ndalama, njira yake ndi ya ku msika wa Pikit, monga kale.

Ndagona ku Pikit. Dzuwa likangolowa, njinga zopita kumidzi ya kudambo zimatha, ndipo amene akundiperekeza wanena mosabisa kuti usiku sayenda njira imeneyo.

Lachitatu, Gli-gli mpaka Bagoinged

Kuchoka ku Pikit kulowera kummwera ndi pa habal-habal, njinga yamoto ya mpando wotalikitsa yonyamula anthu atatu kapena anayi. Pali mitengo iwiri. Wina ndi wa mutu umodzi, mumadikira anzanu. Wina ndi pakyaw, kubwereka njinga yonse. Mlendo amangomuika pa pakyaw osamufunsa, ndiye gwirizanani musanakwere, ndipo munene ngati mtengowo ukuphatikiza kudikira ndi kubwerera. Petulo m'njira amagulitsa m'mabotolo a Coca-Cola a lita imodzi, oikidwa pa kathandala pakhomo. Wathu anathira awiri asanatuluke m'tauni, n'kunena kuti mkati mtengo umakwera.

Gli-gli ili pafupi. Ukapitirira, nthaka imayamba kutsika mosaoneka, migwalangwa ndi kokonati zimachepa, nyumba zimakwera pa mizati. Pa mizatiyo pali mizere ya matope ouma, umodzi pamwamba pa unzake. Imeneyo ndiyo kalendala ya madzi osefukira.

Likulu la khonsolo analiika ku Bagoinged. Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Lamulo lokhazikitsa khonsolo limatha tsiku limodzi, koma khonsolo imene munthu angaigwiritse ntchito ili ndi ziwalo zambiri. Pali meya, wachiwiri wake ndi makhansala asanu ndi atatu, onse a zaka zitatu pampando. Oyamba anachita kusankhidwa ndi nduna yaikulu ya Bangsamoro ya nthawiyo, Ahod Ebrahim, kuti agwirizire mpaka chisankho cha pa 12 Meyi 2025. Koma andale okha sangayendetse kanthu. Pafunika msungichuma, wowerengera ndalama, wa bajeti, woyesa mtengo wa malo, injiniya, dokotala wa khonsolo, wa mapulani ndi mlembi wa kaundula wa anthu. Aliyense wa amenewa ayenera kukhala ndi mapepala oyenera, ndipo munthu wa mapepala otere kawirikawiri ali kale pa ntchito ku Cotabato, Midsayap kapena Kabacan. Kumukokera kudera limene msewu umamira ndi ntchito yokha payokha. Mpando umodzi ukakhala wopanda munthu, zonse zimaima: popanda wowerengera ndalama ndi msungichuma cheke sichituluka, popanda injiniya palibe wosainira kuti mlatho wamangidwa bwino.

Ndalama ndiye pali mfundo yolimba. Makhonsolo a ku Philippines amadalira gawo la msonkho wa dziko lonse. Pogawa, theka limatsata chiwerengero cha anthu, kota imatsata kukula kwa malo, kota inayo imagawidwa mofanana. Koma lamulo la maboma aang'ono la 1991 linaika muyeso wa khonsolo yatsopano: anthu 25,000, malo okwana masikweya kilomita 50, ndi ndalama zolowa mapeso 2.5 miliyoni pachaka. Anthu a ku Maguindanao amakumbukira bwino zimene zinachitika pamene boma lakale la dera lino, ARMM, linapanga makhonsolo osayang'ana muyesowu. Datu Salibo ndi Shariff Saydona Mustapha, a mu 2009, anakhala zaka ali ndi meya ndi chidindo koma osalandira gawo lawo. N'chifukwa chake makhonsolo asanu ndi atatu atsopanowa anayamba ndi ndalama zochokera ku boma la Bangsamoro, limene limalandira 5 peresenti ya msonkho wa dziko chaka chilichonse. Zotolera okha n'zochepa kwambiri. Msonkho wa malo umafuna kuti munda ukhale wolembedwa ndi woyesedwa, pamene minda yambiri ya m'mphepete mwa dambo ilibe mapepala, ina imakhala pansi pa madzi miyezi ingapo. Msika waukulu wotolerapo ziphaso uli ku Pikit, kunja kwa malire. Walira mvula walira matope: anthu anafuna boma lawo ndipo anali ndi zifukwa zomveka, koma boma limenelo liyenera kudya mwezi uliwonse.

Pa khonde pamene ndinadikira kuonana ndi akuluakulu panali bambo wachikulire atagwira envulopu yapulasitiki. Wondiperekeza anamupatsa salaam, n'kufunsa, "Bapa, mwabwerera chiyani?" Anali kutsata chikalata cha kubadwa cha mdzukulu wake wa zaka zisanu ndi ziwiri. Nkhani imeneyi ndi ya mabanja ambiri kuno. Mwana ayenera kulembetsedwa pasanathe masiku 30 chibadwire. Amene anabadwira kunyumba, kapena m'misasa ya othawa nkhondo, masikuwo amapita. Zikatero pamafunika kalata ya ofesi ya kalembera wa dziko, PSA, yotsimikiza kuti mwanayo sanalembedwepo kwina, mboni ziwiri zosakhala ndi phindu pa nkhaniyo zolumbira papepala, umboni wa ku barangay, sukulu kapena chipatala, ndiyeno chidziwitso chimakhomedwa poyera masiku khumi. Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi kalembedwe ka dzina. Mohammad, Mohamad ndi Muhammad ndi munthu mmodzi kumudzi, koma pa kompyuta ndi anthu atatu. Chilembo chimodzi chikasiyana pakati pa pepala la sukulu ndi la kubadwa, pasipoti ya ku Hajj kapena ya ku ntchito ku Saudi Arabia imaima. Zolemba zakale za anthu obadwa khonsolo isanapangidwe zinalembetsedwa ku Pikit, ndiye wofuna kukonza dzina amapitabe komweko. Za ukwati ndi kulekana kwa Asilamu zili ndi njira yakeyake, kudzera m'makhoti a Shari'ah, malinga ndi lamulo la 1977.

Ine muyeso wanga wa khonsolo yatsopano ndi bambo ameneyo. Akamaliza za mdzukulu wake ndi ulendo umodzi wa njinga m'malo mwa inayi, ndiye kuti lamulo nambala 48 lagwira ntchito.

Lachinayi, pa dambo

Tinanyamuka kusanache bwino, swala ya m'bandakucha itangotha, chifukwa masana mphepo imadzuka ndipo dzuwa la pamadzi limawotcha kawiri. Bwato amati awang: lalitali, lopapatiza, lopanda mapiko a m'mbali. Kumbuyo kuli kainjini ka petulo konga ka pampu yothirira, kolumikizidwa ku chitsulo chachitali chimene chili ndi pulopela kunsonga. Polowa umaponda pakati penipeni, n'kukhala pansi msanga. Ndinachita mantha ndithu bwato litapendekeka koyamba, ndipo m'damboli ng'ona zilimo. Mwini bwato anangoti ndisagwire m'mphepete ndi manja onse awiri, chifukwa wamantha akagwiritsa mbali imodzi ndiye amagubuduza anzake.

Dambo la Ligawasan ndi la mahekitala oposa 200,000, ndipo kwenikweni ndi madambo atatu olumikizana: Ligawasan, Libungan ndi Ebpanan. Gawo lina linalengezedwa mu 1941 kukhala malo otetezera mbalame ndi nyama. Madzi ake ambiri amabwera ndi mtsinje wa Pulangi, wochokera kumapiri a Bukidnon, umene kumunsi umatchedwa Rio Grande de Mindanao. Apa pali chinthu chimene wa ku Chigwa cha Shire angachimve msanga. Kuno kungakhale dzuwa lokhalokha sabata yonse, koma mvula ikagwa ku Bukidnon, patapita masiku madzi amakwera mwakachetechete usiku, n'kulowa m'minda. Mitengo yatha kumapiri, dothi latsikira mumtsinje, mtsinje wakwiririka, ndiye madzi ochepa omwe amasefukira. Madzi saiwala khwawa, ndipo midzi ya Kabasalan ndi Barungis yakhala m'khwawa momwemo.

Namasupuni ali ponseponse, yemwe uja wa pa Shire. Amayandama m'zigulu zazikulu ngati mabwalo a mpira, ndipo njira imene inali yotseguka dzulo lero yatsekeka. Mu Juni 2011 anaunjikana pa mlatho wa Delta mu mzinda wa Cotabato mpaka madzi anabwerera m'mbuyo n'kumiza midzi ndi mbali za mzinda. Pa bwato vuto lake n'laling'ono koma la kawirikawiri. Mizu imakulunga pulopela, injini imasintha kulira, ndipo woyendetsa ayenera kuzimitsa pomwepo, kutukula chitsulo n'kuchotsa ndi chikwanje. Akaumirira, kamsomali kogwira pulopela kamaduka. Wathu anali ndi tina tiwiri m'kachitini, pamodzi ndi pulagi ndi sipanala. Tinaima kasanu. Petulo muziwerengera wopita, wobwerera, ndi lita ina ya njira yozungulira.

Nsomba yaikulu pa malonda ndi dalag, ya mutu wonga wa njoka, yopirira ngati mlamba. Palinso milamba yeniyeni, tilapia, gourami ndi kansomba kolimba kotchedwa pupuyo. Asodzi amatchera miono ya nsungwi ndi maukonde. Dandaulo lawo ndi anthu opha nsomba ndi magetsi a batire. N'zoletsedwa, chifukwa zimapha ndi tiana tomwe, koma dambo n'lalikulu ndipo wolondera palibe. Apa khonsolo ili ndi mphamvu yoika malamulo ake, ngati ingapeze bwato ndi mafuta a olondera.

Pa nyumba ina ya pamizati anatipatsa khofi ndi tinapayan, ndipo mayi wa panyumbapo, amene tonse tinkamutcha Babu, anandionetsa kapangidwe. Dalag amaitumbula, kuithira mchere, kuiyanika padzuwa mpaka iume gwa. Payokha amakonza tapay, mpunga wophika wosasitsa ndi yisiti ya kumudzi. Nsomba youma ija amaisanjika m'chotengera mosinthana ndi tapay, n'kutseka bwino kwa sabata kapena kuposerapo. Ikafewa amachotsa minga, kuinyenya, n'kuikazinga m'mafuta. Nsomba ikapanda kuuma bwino imaola m'malo mosasa, ndipo chotengera chikalowa mpweya pamamera nkhungu. Kakomedwe kake n'kamchere, kowawasa pang'ono, kotsekemera kumapeto. Kachidutswa kakang'ono kamatha mbale ya mpunga.

Chenjezo limodzi: musaponde m'madzi osaya kapena m'matope a m'mphepete opanda jombo. Likodzo lilipo m'madera ambiri ozungulira damboli, koma si la kwathu lokodza magazi lija. La kuno limagwira matumbo ndi chiwindi, mimba imatupa pakapita zaka. Nkhono yake ndi yaing'ono ngati njere ya mpunga, imakhala m'udzu wonyowa, ndipo njati zoweta zimene amalimira zimasunga tizilomboto. N'chifukwa chake kumwetsa anthu praziquantel kokha sikulithetsa.

Lachisanu, Buliok

Lero ntchito zimaima dzuwa likamafika pamutu. Amuna avala zoyera, anyamata atsuka njinga, mzikiti wadzaza mpaka pabwalo. Mlendo amene si Msilamu amakhala pamthunzi chapatali, ndipo palibe amene amamuyang'ana moipa. Musakonze zokumana ndi aliyense pakati pa 11 koloko ndi 2 koloko.

Dzina la Buliok limadziwika dziko lonse la Philippines chifukwa cha nkhondo. Asilikali a boma atalanda Camp Abubakar, likulu lakale la MILF, mu 2000, mtsogoleri wa MILF, Salamat Hashim, anakhazika likulu lake kuno, m'malire a Pikit ndi Pagalungan. Pa 11 Febuluwale 2003, tsiku la Idi ya nsembe, asilikali anayamba kuphulitsa dera lino. Anthu masauzande ambirimbiri anathawira ku Pikit, m'masukulu, m'mabwalo ndi pa parishi ya Akatolika, pamene wansembe Roberto Layson ndi anzake, Akhristu ndi Asilamu, ankagawa chakudya. Salamat Hashim anamwalira mu Julayi chaka chomwecho ku Lanao del Sur. Imeneyo inali nkhondo yachinayi m'zaka zisanu ndi chimodzi: 1997 ku Rajamuda, 2000, 2001, 2003. Othawa nkhondo kuno amatchedwa bakwit, ndipo munthu wa zaka 30 akamakuuza za ubwana wake amawerenga ndi maulendo a kubakwit, osati ndi makalasi. Ena opanda zikalata za kubadwa ndi a zaka zimenezo.

Mukamva mbiri imeneyi mumamvetsa chifukwa chimene anavotera Bangsamoro ndi mtima wonse. Kwa iwo nkhani sinali ya ofesi yokha. Ankafuna boma limene lidziwa kuti Lachisanu ndi tsiku lanji, limene limva Chimaguindanaon, limene ana awo a kumadrasa sawaona ngati okayikitsa.

Mfuti za boma ndi MILF zinakhala chete, koma chimene anthu amaopa tsopano ndi rido, chidani cha mabanja. Chimayamba ndi malire a munda, ngongole, chisankho kapena imfa imene sinalipiridwe, ndipo chimatha kuthamangitsa mudzi wonse usiku umodzi. Kuthetsa kwake kuli ndi ndondomeko. Akuluakulu amene mbali zonse ziwiri zimawalemekeza, datu (mfumu), ustadz (mphunzitsi wa chipembedzo), nthawi zina mkulu wa MILF wa deralo pamodzi ndi meya, amayamba aletsa kuwomberana. Kenako amayenda uku ndi uku kuwerengetsa amene anafa ndi amene anavulala, n'kugwirizana za chipukuta misozi. Pomaliza mbali zonse zimalumbira pa Qur'an pamaso pa anthu, n'kudyera pamodzi phwando lotchedwa kanduli. Zimalephereka pamene wachibale mmodzi wa womwalirayo sanafunsidwe, kapena ndalama zolonjezedwa zachedwa. Meya wa khonsolo yaing'ono ngati ino amathera nthawi yambiri pa ntchito imeneyi, ngakhale m'bajeti simuoneka. Kwa mlendo lamulo n'losavuta: m'mawa uliwonse funsani kapitan ngati njira ili bwino, ndipo akati lero ayi, musafunse kawiri.

Swala itatha anatiitanira ku chakudya pa nyumba ina. Panali mpunga, sinina ya mbuzi yophika ndi kokonati wokazinga, ndi tinagtag, timaukonde ta ufa wa mpunga tokazinga m'mafuta n'kupindidwa. Sambani m'manja, idyani ndi dzanja lamanja, ndipo pomaliza nenani sukran. Ndalama musatulutse. Ngati mukufuna kusiya kanthu, shuga ndi khofi wogula ku Pikit ndi mphatso yolandirika.

Loweruka, Rajamuda ndi kubwerera

Ndadzuka msana ukuwawa chifukwa cha bwato ndi njinga. Magetsi anazima usiku, ndipo netiweki imagwira pokhapokha ukaima poyera, ndiye za dzulo ndazitumiza m'mawa uno.

Ku Rajamuda ana anali pa madrasa, chifukwa kuno maphunziro a Chiarabu ndi chipembedzo amachitika Loweruka ndi Lamlungu, sukulu ya boma ikatseka. Pa msewu wa konkire, theka lonse linali mbuu ndi mpunga woyanika, njinga zikudutsa mbali imodzi. Konkire m'dera lino ili ndi ntchito ziwiri, kuyendapo ndi kuyanikapo, ndipo n'chifukwa chake mudzi uliwonse umapempha msewu ndi bwalo loyanikira zisanabwere zina zonse. Mpunga wongokolola umakhala ndi chinyontho choposa 20 peresenti, pamene wogula amafuna 14. Pa dzuwa labwino ndi masiku awiri, kuuyala mopyapyala ndi kuutembenuza ndi chopalasira chathabwa pafupipafupi. Mvula ikaupeza uli m'matumba osauma, umatentha, umachita chikasu, wina umamera, ndipo wogula amadula makilogalamu pa thumba lililonse la 50. Mlimi sangakane, chifukwa kawirikawiri wogulayo ndi yemwe anamukongoza mbewu, feteleza ndi mafuta a makina olimira, ndipo ngongole imabwezedwa ndi mpunga pa mtengo wa tsiku lokolola, pamene uli wotsika kwambiri. Amene ali kufupi ndi dambo amadzala madzi akamaphwa n'kumapikisana nawo kuti akolole asanabwerere. Akaluza, ngongole imasamukira ku nyengo yotsatira.

Mnyamata amene ankatembenuza mpungawo anali ndi maso kumwamba nthawi yonse. Mitambo itayamba kuda cha kumpoto anaitana azing'ono ake, ndipo m'mphindi zochepa anali ataukokera pamodzi n'kuufunda ndi lona, miyala m'mphepete. Wa njinga wathu anatsika kukawathandiza kukoka lonayo, kenako anatiuza kuti tikwere msanga, chifukwa pali malo awiri otsika pakati pa pano ndi Gli-gli amene akadzaza madzi njinga siidutsa.

Tinafika ku Pikit mvula ikuyamba. Minibasi ya ku Cotabato inali ndi anthu anayi okha, ndiye ndakhala pampando wakumbuyo kudikira kuti idzaze, pastil iwiri ili m'chikwama.